Sitolo ya Pafoni: Kuyamba Malonda a pa Intaneti ndi Mpamba Wochepa

Malonda a pa intaneti ndi malonda omwe wogulitsa ndi wogula amagwirizana za katundu ndi mtengo wake osaonana maso ndi maso. Wogula amaona katunduyo pa chithunzi, n'kulipira kudzera pa foni kapena ku banki, ndipo katunduyo amamupeza kudzera mwa munthu wina womunyamulira. M'maiko ena malonda otere amachitikira pa masamba akuluakulu monga Amazon ku America ndi Takealot ku South Africa. Ku Malawi ambiri amachitikira pa WhatsApp, Facebook, Instagram ndi TikTok, ndipo ogulitsa ake ndi anthu wamba: ophunzira a m'makoleji, aphunzitsi, anamwino, amayi apakhomo ndi achinyamata omwe adamaliza sukulu koma ntchito ikuvuta. Chowakopa n'chakuti safunika kulipira lendi ya shopu, kukhoma mashelefu kapena kulemba wantchito wa pakauntala. Foni yotha kujambula, bandulo ya intaneti ndi katundu wochepa, zimenezi n'zokwanira kuyambira.

Njira ya malondawa idatseguka pang'onopang'ono. Kampani ya Airtel idayambitsa Airtel Money m'dziko muno mu 2012, ndipo TNM idatsatira ndi Mpamba mu 2013. Kuyambira pamenepo munthu wa ku Karonga adatha kulipira wogulitsa wa ku Limbe popanda kupatsira ndalama kondakitala wa basi. Mabanki nawo adabwera ndi njira zawo za pafoni, monga Mo626 ya National Bank. Mu 2018 eni ake a WhatsApp adatulutsa WhatsApp Business, pulogalamu yaulere ya amalonda ang'onoang'ono, ndipo m'chaka chomwecho bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe pogwiritsa ntchito chiphaso. Lamulo limeneli lidathandiza amalonda m'njira yomwe ambiri saiganizira: potumiza ndalama, dzina la mwini nambala limaonekera, choncho wogula amadziwa yemwe wamulipira.

Kuyamba n'kosavuta, ndipo n'chifukwa chake oyamba ndi ambiri. Okhalitsa ndiwo ochepa. Kusiyana kwa magulu awiriwa kawirikawiri sikugona pa kukula kwa mpamba woyambira. Kumagona pa zinthu ziwiri zomwe sizioneka pa chithunzi: liwiro lomwe ndalama ikuzungulira, ndi kukhulupirika kwa wogulitsa pamaso pa anthu omwe sadamuonepo.

Za liwiro la ndalama zimamveka bwino ndi masamu. Munthu ali ndi K100,000. Akapikula katundu yemwe amatha m'sabata imodzi ndi phindu la K15,000, pa masabata asanu ndi atatu amakhala atapeza K120,000. Akapikula katundu wa phindu la K40,000 koma wotenga miyezi iwiri kuti athe, pa nthawi yomweyo amapeza K40,000 yokhayo. Phindu la katundu wachiwiriyu limaoneka lalikulu pa tsiku lopikula, ndipo oyamba kumene ambiri amakopeka nalo. Koma mwini mpamba wochepa alibe ndalama ina yodyera podikira. Katundu akagona m'chikwama, bizinesi yonse yagona naye.

Kumene mpambawo wachokera nakonso n'kofunika. Ndalama ya chipereganyu kapena yosunga pang'onopang'ono pa malipiro ilibe chiwongoladzanja, choncho imapatsa munthu mpata wophunzira malonda. Ngongole ya banki m'khonde ndi yabwino pokhapokha ngati katundu atha lisanafike tsiku lobweza. Katapila ndiye sagwirizana n'komwe ndi bizinesi yoyamba kumene, chifukwa chiwongoladzanja chake chimameza phindu lonse wogulitsa asanadziwe ngati katunduyo ali ndi msika.

Posankha chogulitsa, malonda a pa intaneti ali ndi zofuna zakezake zosiyana ndi za pamsika. Katundu ayenera kukhala wopepuka ndi wosasweka msanga, popeza adzayenda pa basi kapena pa njinga yamoto. Ayenera kuoneka bwino pa chithunzi. Ayeneranso kukhala wosaonongeka akakhalitsa masiku angapo. N'chifukwa chake pa masamba a Amalawi pamachuluka zovala, nsapato, zitenje, mawigi, mafuta odzola, zikwama, mawotchi, makava ndi machaja a foni. Vuto la katundu ameneyu n'lakuti aliyense akumugulitsa, ndipo ogula amangosuntha chala n'kupeza wina wotsitsa mtengo. Wogulitsa wanzeru amadzichepetsera munda. M'malo mogulitsa chilichonse chomwe wachipeza, amasankha mtundu umodzi, kaya zovala za ana osakwana zaka zisanu, kaya nsapato za kuntchito za amayi, kaya ziwiya zophikira makeke, mpaka anthu akamafuna chinthucho dzina lake lizibwera lokha m'mutu mwawo.

Pali katundu wina yemwe anthu amamunyozera chikhalirecho ali ndi msika wodalirika: zakudya zakumudzi zomwe anthu a m'tauni amazisowa. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, usipa wouma wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, mtedza wa ku Mchinji, nyemba za ku Dedza ndi ku Ntcheu, uchi, ufa wa mawere, zonsezi sizilira dola, siziwoloka chipata cha dziko, ndipo wogula akakhutira amabweranso mwezi wamawa chifukwa wadya n'kutha. Wogula wigi sabwerera msanga chotero. Amene ali ndi m'bale wodalirika komwe zinthuzi zimachokera ali ndi mwayi woposa wa munthu wopita kukapikula katundu ku Dar es Salaam.

Kaunjika ali ndi njira ziwiri. Ina ndi kugula belo lathunthu, ndipo apa mwini mpamba wochepa amakhala akuchita juga, chifukwa za m'kati sazidziwa mpaka atadula mawaya. Mukhoza kutuluka zovala zabwino zochepa chabe, zotsalazo n'kukhala zoyenera kumwaza pansi pa msika, osati kujambula. Njira ina ndi kulawirira m'mamawa pomwe ena akutsegula mabelo, monga ku msika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe, n'kusankha chovala chimodzichimodzi. Mtengo wa chovala chilichonse umakwererapo, koma chilichonse chogulidwa chimakhala chogulitsika. Chikachapidwa, kusitidwa ndi kujambulidwa bwino, chimapeza wogula yemwe alibe nthawi yofukula milu pa dzuwa. Chomwe wogulayo akulipira kwenikweni ndi diso la wosankhayo.

Njira imeneyi idakwezapo anthu ngakhale kunja. Ku America, Sophia Amoruso adayamba kugulitsa zovala zakale zosankha pa tsamba la eBay mu 2006, akuzijambula ndi kuzitumiza yekha. Bizinesi yake, Nasty Gal, idakula n'kukhala ndi tsamba lakelake ndi antchito mazanamazana. Koma itakula mothamanga, ndi nyumba yaikulu yosungiramo katundu komanso masitolo, idalephera kubweza ngongole mu 2016, ndipo mu 2017 dzina lake lidagulidwa ndi kampani ya ku Britain yotchedwa Boohoo. Mbali zonse ziwiri za mbiriyi n'zofunika kwa woyamba kumene, yokwera ndi yogwa yomwe.

Kwa amene mpamba wake ndi wochepetsetsa, pali njira yogulitsa katundu asanamugule. Wogulitsa amaonetsa zithunzi za zomwe akukaoda, ofuna amalipiriratu theka kapena ndalama yonse, ndipo iye amakagula zokhazo zomwe zaitanitsidwa. Ena amagwirizana ndi mwini shopu wa m'tauni: amajambula katundu wa m'shopumo, n'kuikapo kangachepe pamwamba, ndipo oda ikabwera amakatenga. Mwanjira imeneyi ndalama yake siigona mu katundu. Koma amakhala atanyamula ndalama za eni, ndipo tsiku lomwe adalonjeza likadutsa popanda kufotokoza, mbiri yake imaipa mofulumira kuposa ya wina aliyense. Njirayi ndi ya munthu wosunga mawu ake.

Pa kaikidwe ka mtengo ndi pomwe mabizinesi ambiri ang'onoang'ono amafera mwakachetechete, mwini wake akuganiza kuti zikuyenda. Chitsanzo ndi ichi. Munthu wapikula mapeya 20 a nsapato pa K12,000 iliyonse, zonse pamodzi K240,000. Akuzigulitsa pa K15,000, ndipo m'mutu mwake akuwerengera phindu la K3,000 pa peya. Koma ulendo wokapikula udadya K20,000, bandulo ya mwezi K10,000, majumbo ndi zokutira K6,000, ndipo potapa ndalama kwa ajenti adadulidwa K4,000. Zonse zakwana K280,000. Mapeya awiri atsalira chifukwa saizi yake palibe woifuna. Pa mapeya 18 ogulitsidwa wapeza K270,000, kutanthauza kuti waluza K10,000 pa ulendo womwe amauona ngati wopindula. Mtengo woyenera umayambira pa ndalama zonse zomwe zalowa, kugawa ndi katundu yemwe angagulitsikedi, kenako n'kuikapo phindu ndi kampata konenerera, popeza wogula wa kuno sagula osapempha kuti amuchotsereko.

Ogulitsa katundu wochokera kunja ali ndi mdani wina, kugwa mphamvu kwa kwacha. Mu May 2022 ndalamayi idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa mtengo wa ku banki. Munthu yemwe adagula katundu wa madola 100 pa K118,000 n'kumugulitsa K150,000 adaona ngati wapindula K32,000, koma pobwerera kukaoda katundu yemweyo adafunika K170,000. Kuchokera nthawi imeneyo amalonda ozindikira amaika mtengo poyang'ana ndalama yomwe adzafune pokagulanso katunduyo, osati yomwe adagulira. Kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kumawonjezera vutoli, makamaka kwa oitanitsa ku China kudzera pa Alibaba kapena AliExpress, omwe amafunika khadi yolipirira m'madola, n'kudikiranso masabata angapo katundu asanafike.

Ambiri amakapikula ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku Lusaka, ndipo katundu amalowera pa zipata za Songwe, Mwanza, Dedza ndi Mchinji, pomwe bungwe la MRA limatolera msonkho. Msonkhowo uyenera kuwerengedwa ulendo usanayambe. Kuzembetsa katundu kumaoneka ngati kupulumutsa ndalama, koma akagwidwa kamodzi, mpamba wonse wapita. Pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pali ndondomeko ya bungwe la COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, yomwe imalola katundu wina wopangidwa kapena kulimidwa m'maikowa kudutsa ndi mapepala ochepa. Tanzania ndi South Africa sali m'bungweli. Iwo ali mu SADC, yomwe ili ndi malamulo akeake. Woyamba kumene sakakamizidwa kuyenda yekha. Anthu angapo amatha kusonkherana n'kutuma mmodzi, kapena kupikula kwa omwe abwera kale ndi katundu, mpaka mpamba utakula moti ndalama ya basi ndi malo ogona siipweteka.

Chithunzi ndicho shelefu ya sitolo ya pafoni. Sichilira kamera yodula. Kuwala kwa dzuwa la m'mawa pafupi ndi zenera, nsalu yoyera kumbuyo ndi galasi la foni lopukutidwa bwino zimakwanira. Chofunika kwambiri n'chakuti chithunzicho chikhale cha katundu weniweniyo. Chizolowezi chotenga zithunzi zokongola pa intaneti n'kutumiza chinthu chongofananirako ndicho chadzetsa madandaulo ambiri ndi kuchititsa ogula kukayikira aliyense. Ngati chovala chili ndi kachilema, kajambulidwe n'kunenedwa. Saizi, mtundu ndi mtengo zilembedwe pompo. Ogulitsa ena amabisa mtengo n'kumati ofuna abwere ku inbox. Wogula amaganiza kuti mtengo ukusintha potengera nkhope, ndipo ambiri amangodutsa osafunsa.

Makasitomala oyamba amachokera m'manambala omwe ali kale m'foni: achibale, anzake a kuntchito, a kumpingo, a kusukulu. Status ya WhatsApp imatha pakadutsa maola 24 ndipo imaonedwa ndi okhawo omwe adasungirana nambala ndi wogulitsa, choncho ntchito yaikulu ya miyezi yoyamba ndi kuchulukitsa anthu osunga nambalayo. Magulu a malonda a pa Facebook amafikira anthu achilendo, ndipo makanema aafupi a pa TikTok amayenda kutali popanda kulipira. Nthawi yoika katundu nayo ili ndi ntchito: madzulo anthu ataweruka, ndi kumapeto kwa mwezi malipiro atalowa. Funso likabwera liyankhidwe msanga ndi mwaulemu, chifukwa wofunsayo wafunsanso ena awiri kapena atatu.

Kenako pamabwera funso lomwe malonda onse a pa intaneti amazungulirapo: ayambe ndani, wolipira kapena wotumiza? Wogula amaopa kutumiza ndalama kwa munthu yemwe angazimitse foni. Wogulitsa amaopa kutumiza katundu kwa munthu yemwe angakane kulipira. Mantha onsewa ali ndi maziko, popeza akathyali alipo mbali zonse. M'tauni imodzi vutoli limachepa: katundu amaperekedwa pamanja, wogula n'kuona, n'kulipira pomwepo. Kwa wakutali, ambiri amagwirizana zolipiriratu gawo lina. Wogulitsa watsopano amafupikitsa mantha a wogula poonetsa nkhope ndi dzina lake lenileni, pogwiritsa ntchito nambala imodzi yosasinthasintha yomwe dzina lake likufanana ndi la pa tsamba, potchula malo odziwika pomwe munthu angamupeze, ndi poonetsa mauthenga a makasitomala okhutira, atawapempha kaye chilolezo. Kusinthira munthu nsapato yomwe yamuthina kumadya phindu la tsiku limenelo, koma munthuyo amakauza anzake, ndipo kutsatsa kotero sikugulidwa ndi ndalama.

Naye wogulitsa ayenera kudziteteza. Uthenga wonena kuti ndalama yalowa ukhoza kukhala wopeka, chimodzimodzinso chithunzi cha lisiti. Katundu asatuluke mpaka mwini wake ataona yekha kuti ndalama ya mu akaunti yake yakweradi. Woimba foni n'kunena kuti watumiza ndalama molakwitsa ndipo imubwerere, auzidwe kuti akadandaule ku kampani ya foni. Nambala yachinsinsi siuzidwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wogwira ntchito ku kampaniyo. Nambala yotsimikizira ya WhatsApp yomwe imabwera pa uthenga nayonso ndi yachinsinsi. Oipereka amalandidwa akaunti, ndipo mbava zomwe zailanda zimayamba kupempha ndalama kwa makasitomala m'dzina lawo.

Kafikitsidwe ka katundu ndi gawo lomwe limatopetsa kwambiri. Nyumba zambiri m'dziko muno zilibe nambala yodziwika kapena dzina la msewu, ndipo kulondolera kumadalira zizindikiro: kuseri kwa chigayo, moyang'anana ndi tchalitchi, pa mtengo wa mango. Munthu wa ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chibavi amapezeka mosavuta pogwirizana malo okumanirana, monga pa filing'i siteshoni kapena pa depoti. M'tauni ntchitoyi imagwiridwa ndi akabaza a njinga zamoto, ndipo wogulitsa amapindula akakhala ndi mmodzi kapena awiri odziwana nawo bwino m'malo moimitsa aliyense wodutsa. Pakati pa mizinda pali makampani onyamula maphukusi, mabasi akuluakulu ndi positi ofesi. Kupatsira dalaivala wa minibasi n'kotchipa, koma phukusi likasowa palibe pepala lodandaulira. Kumene kuli lisiti, lijambulidwe n'kutumizidwa kwa wogula nthawi yomweyo. Wolipira mtengo wotumizira adziwike malonda asanatsekedwe, chifukwa mikangano yambiri imabukira pamenepa.

Pali gulu lina la ogula lomwe limayenerana bwino ndi malonda otere: Amalawi okhala ku South Africa, ku Britain ndi maiko ena, omwe amafuna kugulira makolo thumba la mpunga, yunifolomu ya mwana kapena keke ya tsiku lobadwa. Amalipira kudzera m'makampani otumiza ndalama monga Mukuru, ndipo chomwe amafuna ndi umboni woti katundu wafika m'manja mwa mwini wake. Wogulitsa yemwe amatumiza chithunzi cha wolandirayo atanyamula katundu amasandulika wodalirika wa banja lonse.

Zonsezi zimafuna kope. Kaya ndi la mapepala kaya la m'foni, mulembedwe chilichonse cholowa ndi chotuluka tsiku lomwelo. Ndalama ya bizinesi ikhale pa nambala kapena akaunti yakeyake, ndipo mwini wake azidzilipira malipiro odziwika m'malo motapa nthawi iliyonse ndiwo zikasowa. Apa m'pamene pali yesero lalikulu, chifukwa pakhomo pakagwa matenda kapena maliro, ndalama yomwe ili pafupi ndi ya katundu. Ngongole za achibale ndi anzake ndi dzenje lina. Mawu akuti "ndikupatsa pakutha pa mwezi" atsekera anthu ambiri mabizinesi, ndipo wogulitsa yemwe sangathe kukana ayenera kudziikira malire a ndalama yomwe ingakhale kunja pa nthawi imodzi.

Bizinesi ikayamba kukhazikika, kuilembetsa kumatsegula makomo ena. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma yomwe ambiri amaidziwa kuti ya Registrar General, nambala ya msonkho ya TPIN imatengedwa ku MRA, ndipo khonsolo imapereka chiphaso cha malonda. Ndi mapepala amenewa munthu amatha kutsegula akaunti ya bizinesi ku banki ndi kugulitsa ku makampani ndi mabungwe omwe safuna kugula popanda invoisi. Zakudya zopakidwa m'mapaketi zimayang'aniridwa ndi Malawi Bureau of Standards, ndipo mankhwala sagulitsidwa popanda chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, ngakhale pa WhatsApp pomwe. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limazindikira mauthenga a pafoni ndi pa kompyuta ngati umboni, ndipo wogula wonamizidwa akhoza kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission.

Kukula kwabwino kumatsata zomwe kope likuonetsa. Katundu wothamanga awonjezedwe, wogona atsitsidwe mtengo kuti ndalama ibwerere, ngakhale popanda phindu. Kulipira Facebook kuti itsatse malonda kumathandiza pokhapokha zitadziwika kale kuti katunduyo anthu amamufuna, ndipo kuyambe ndi ndalama yochepa yolunjika mzinda umodzi. Tsamba lakelake la pa intaneti, shopu ya lendi ndi wantchito zimabwera pomwe maoda achuluka moti munthu mmodzi sakukwanitsa, osati pofuna kuoneka.

Chomaliza choyenera kuchisamala ndi chakuti masamba onsewa ali ndi eni ake. Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo aliyense wodalira masamba amenewa okha adakhala wopanda sitolo. Akaunti ikhozanso kutsekedwa kapena kubedwa, foni ikhoza kugwera m'madzi. Choncho maina ndi manambala a makasitomala, pamodzi ndi zomwe amakonda kugula, zisungidwenso pamalo ena kunja kwa foniyo, ndipo zisaperekedwe kwa munthu wina popanda eni ake kudziwa. Wogulitsa yemwe ali ndi mndandanda umenewu amatha kuimbira makasitomala ake kapena kuwalembera uthenga wamba tsiku lomwelo, malonda n'kupitirira pa nambala kapena tsamba latsopano.